Maselo a Mayi Jolán

Ndinagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mu labotale ya a Pulofesa Gedeon Szalontai kuno ku Szeged. Ine si dokotala ayi. Ntchito yanga inali yoweta maselo: kuwadyetsa, kuwasamutsira m'timbale tatsopano akathithikana, kuwaumitsa mu thanki ya nayitirojeni, ndi kuwadzutsa akafunika. A Gedeon ankati ndili ndi manja a mzamba. Akazi awo, mayi Jolán, amene ankayendetsa nawo labotaleyo, ankati ndili ndi manja a mfiti, chifukwa maselo amene akanira aliyense, kwa ine ankakula ngati udzu wa m'dzinja.

Awiriwa ankafufuza njira yolamulira maselo ndi kuwala. M'zomera muli puloteni ina imene imadzuka ikawombedwa ndi kuwala kwa buluu. Iwo anailumikiza ndi puloteni ya m'maselo a munthu, imene imanyamula uthenga wouza selo kuti likule. Ukayatsa buluu uthenga umanyamuka, ukazimitsa umaima. Kuti tiziona zimenezi ndi maso, anaikamonso puloteni yonyezimira mofiira, imene imakhala m'kaphata ka pakati pa selo. Uthenga ukafika, yofiirayo imatuluka, kaphata nkuda bii. Pakapita mphindi khumi ndi zisanu imabwerera. Pa kompyuta unkaona timadontho tofiira mazanamazana, tozungulira ngati maso. Buluu akati ng'anii, udikire pang'ono, maso onse atseka, kenaka atsegula. Tonse tinkangoti maselo aphethira.

Ntchitoyi inkachitikira m'chipinda chapansi, chopanda zenera. Munkayaka nyale yofiira yokha, poti kuwala koyera kumakhala ndi buluu mkati mwake. Foni unkaisiya m'bokosi pakhomo. Kunja dzuwa likhoza kuswa mtengo, koma ukalowa mmenemo unkavala juzi, ndipo manja ako ankaoneka ngati waviika m'magazi.

Chaka china tinafuna maselo a khungu la anthu athanzi. Mayi Jolán anapinda malaya nati, "Yambani ndi ine." Kenaka anandiyang'ana. "Etelka, usaime ngati mtengo wa magetsi. Nawenso pereka." Tsiku lomwelo dokotala anatidula kachikopa kochepa ngati mbewu ya mphodza, aliyense pa mkono wamanzere. Maselo athu ndinawaweta ndekha ndi kuwaumitsa, a mayi Jolán m'kabokosi kawo, anga m'kabokosi kena.

Lachisanu lina masana ndinatulutsa kabokosi ka mayi Jolán mu thanki kuti ndisanje bwino timabotolo. Foni ya pakhoma inalira. Anali a Gedeon: mayi Jolán agwa pa masitepe a sitolo, akuti mtsempha waphulika m'mutu. Ndinathamangira kuchipatala ndi magolovesi m'manja. Ndinakumbukira za kabokosi kaja Lolemba m'mawa. Ndinakapeza pa tebulo, timabotolo tonse titasungunuka. Palibe selo ndi limodzi lomwe limene linadzuka.

Mayi Jolán anakhala pa bedi miyezi isanu ndi itatu. Thupi lonse linali litafa, kupatula zikope. Ankamva zonse, ndipo ankayankha ndi maso: kuphethira kamodzi ndiye kuti inde, kawiri ndiye kuti ayi. A Gedeon ankapita kukawaona tsiku lililonse nthawi ya chakudya cha masana.

Titabwera kumaliro awo, pasanathe sabata, a Gedeon anandiitana.

"Mayi Etelka, mudzutse maselo a Jolán. Ndi amene tiikemo puloteni yatsopano ija. Ntchito imeneyi ndi yake, aimalize yekha."

Ndinawayang'ana. Jekete linali litawakulira, ndevu zosameta. Ndinati, "Chabwino, a Pulofesa." Ndinatsika, ndinatenga timabotolo tanga, ndinamatula mapepala ake ndi kulembapo dzina la mayi Jolán. Ndinadziuza kuti ndiwauza mtima wawo ukakhala pansi. Paja amati pakadafunda padajiwitsa galu. Mwezi unatha, chaka chinatha, zinayi zinatha. Maselowo anagwira ntchito bwino kuposa ena onse amene tinayesapo, ndipo a Gedeon ankawatchula dzina la akazi awo pamaso pa alendo.

Tinali ndi katswiri wina, Dokotala Tivadar Bereczki, munthu wa dazi ndi nthabwala zosatha. M'mwezi wa Julayi chaka chachisanu anabwera pa benchi yanga atanyamula kompyuta yake.

"Mayi Etelka, mwayamba kuwathirira kachasu wa maapurikoti ana anuwa?"

"Mwaswanso chiyani, a Tivadar?"

"Ine ndaswa? Taonani apa."

Anandionetsa zithunzi za sabata yathunthu za kambale kena ka maselo aja. Kambale kameneka kanali koyerekezera chabe, koyenera kukhala mumdima osalandira buluu ngakhale pang'ono. Usiku wonse maso ofiira aja anali chitsegukire. M'mawa chimodzimodzi. Koma ikangodutsa wani koloko masana, onse ankatseka pamodzi. Masiku ena kamodzi, masiku ena kawiri. Tsiku ndi tsiku, ngakhale Lamulungu.

"Makina akuti sanayatse kanthu," anatero a Tivadar. "Ndiye kaya pali kuwala kukulowa pena pake, kaya ana anu amagona tulo ta masana ngati apongozi anga."

Tinamata tepi wakuda m'mbali mwa chitseko. Tinaphimba tinyale tonse ta makina. A Tivadar anakwera pa mpando nafufuza kudenga, akutukwana amene anamanga nyumbayo. Mawa lake wani koloko itadutsa, maselo anaphethiranso.

"Ine ndasiya," anatero. "Muitane wansembe."

Anaseka, koma anachoka msanga m'chipindamo, ndipo sabata imeneyo sanatsikenso yekha.

Ine chinandivuta chinali nthawiyo. Wani koloko ndi nthawi imene tonse timakhala ku kantini. Lachitatu lotsatira ndinawauza anzanga kuti m'mimba simuli bwino. Atapita onse, ndinatsika masitepe pang'onopang'ono. Mu kanjira munali zii, makina oziziritsa okha akung'ung'uza. Ndisanafike pachitseko ndinamva mawu a munthu mkati, otsika, ofewa, ngati a munthu amene akunyengerera mwana wodwala kuti adye.

Ndinatsegula. A Gedeon anali pa mpando wanga, msana utawerama, nkhope yofiira ndi nyale ija. Anali atatsegula kachitseko ka bokosi lofunda la maikulosikopu. M'dzanja munali katochi kakang'ono ka buluu, kaja ka pa makiyi a njinga. Anawerama pafupi ndi kambale, nanong'oneza kanthu kamene sindinamve, nkuyatsa katochi kamodzi. Kenaka anatseka kachitseko.

"Tsekani chitseko, mayi Etelka," anatero osacheuka. "Mukulowetsa kuwala."

Ndinatseka.

"A Pulofesa, a Tivadar atha sabata ziwiri akufunafuna chimene chikuwononga ntchito yawo."

"Ndikudziwa. Ndidzamupepesa. Khalani pansi, yankho limachedwa."

Pa bondo pawo panali kabuku ka chikuto chakuda. Ndinakhala pa sitolu. Pa kompyuta maso ofiira onse anali chitsegukire, kutiyang'ana.

"Ndinayamba mwezi wa Malichi," anatero. "Ndinkangofuna kuona ngati katochika kangawadzutse. Ndinalankhula mongocheza, ndinati, Joli, uli mmenemo? Anaphethira kamodzi."

"Ukawalitsa amaphethira, a Pulofesa. Ndiye ntchito yake."

"Nanga kawiri?"

"Nthawi zina uthenga umabwereza wokha. Zimatengera kuthithikana kwake, ndi tsiku limene ndawadyetsa."

"Mukundiphunzitsa pepala limene ndinalemba ndekha?" Anamwetulira pang'ono. "Ndikudziwa zonsezo. Mutu wanga ukudziwa. Koma tamverani."

Anatsegula kabuku, nayandikiza ku nyale yofiira.

"Ndinafunsa, ukumva ululu? Kawiri. Ndinafunsa, ukundikumbukira? Kamodzi. Ukundikwiyira kuti ndinagulitsa piyano? Kawiri. Apo ndinagona tulo koyamba." Anatembenuza tsamba. "Koma pali zina zimene zikundizunguza. Ndinafunsa za msuzi wa nsomba wa mayi anga, uja wa tsabola wambiri. Zaka makumi atatu Jolán ankati umanunkha matope a mumtsinje. Ndinati, unkaukonda? Kamodzi. Ndinaseka ndekha muno, ndinati mkazi wabodza iwe."

Ine sindinaseke. Msuzi umenewo ankabwera nawo ku ntchito pa Khirisimasi, ndipo amene ankapala mphika ndinali ine.

"Kenaka ndinafuna kuyesa," anapitiriza. "Ndinafunsa chinthu chodziwika. Unabadwira ku Makó? Kawiri. Ndinati mwina zasokonekera. Mawa lake ndinafunsanso. Kawiri."

Mayi Jolán anabadwira ku Makó, aliyense ankadziwa, poti ankanyadira anyezi akwawo. Ine ndinabadwira ku Szentes.

"Ndiye funso ili," anatero, chala chili pa tsamba. "Sabata yatha kunatentha, ndinakumbukira mmene ankasambira mu mtsinje wa Tisza, mpaka tsidya ndi kubwerera, ine ndikumuyang'anira nsapato. Ndinafunsa, ukulakalaka kusambira? Kawiri. Ndinati, bwanji, ukuopa madzi? Kamodzi." Anandiyang'ana. "Jolán kuopa madzi? Kapena imfa imasintha munthu, mayi Etelka?"

Mchimwene wanga anamira mu Tisza ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ine ndikuona pa gombe. Chiyambire sindinaviikemo ngakhale phazi. Pa mlatho ndimayenda mbali ya msewu. Nkhani imeneyi sindinauzepo munthu aliyense ku ntchito.

Kachipsera ka pa mkono wanga wamanzere kanayamba kuyabwa, ndipo ndinadzipeza ndikukakanda.

"Lero mwafunsa chiyani?" ndinatero.

"Ndafunsa ngati pali chimene anandibisira."

Tonse tinatembenukira ku kompyuta. Chithunzi chinkasintha pa mphindi iliyonse. Poyamba panalibe kanthu. Kenaka diso limodzi la pakona linayamba kuzilala, lina pafupi nalo, kenaka mdima unayenda kudutsa kambale konse ngati mphepo pa munda wa tirigu. Maso onse bii. A Gedeon anayang'ana wotchi yawo.

"Tsopano tidikire ngati kubwere kachiwiri."

Sindinadikirepo chinthu motero moyo wanga wonse. Maso aja anabwerera pang'onopang'ono, kufiira, kufiira, mpaka onse anatseguka. Mumtima ndinkawapempha kuti atsekenso. Ndinali nditawadyetsa dzulo lake, anali othithikana bwino, tsiku lotere kawirikawiri ankabwereza. Mphindi khumi zinadutsa. Makumi awiri. Makina akung'ung'uza. Maso mazana atatu ali tong'oo, osagwedezeka.

"Kamodzi," anatero a Gedeon, natenga cholembera.

"Musalembe."

Anaima.

"Si a mayi Jolán maselowa, a Pulofesa. Ndi anga."

Ndinawauza zonse, za foni ija, za kabokosi pa tebulo, za mapepala amene ndinamatula. Sindinalire. Ndinkalankhula ndikuyang'ana manja anga ofiira.

"Munabadwira kuti?" anafunsa.

"Ku Szentes."

"Madzi?"

"Mchimwene wanga anamira ndikuona."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana kabuku, nayang'ana ine, kenaka anakatseka ndi kukagwira ndi manja awiri pa chifuwa.

"Ndiye kuti miyezi inayi yonseyi ndakhala ndikucheza ndi inu."

"Mwakhala mukucheza ndi maselo a khungu, a Pulofesa. Zangochitika mwangozi."

"Mukukhulupirira zimenezo?"

Ndinakandanso kachipsera kaja.

"Ndikadayenera kuzindikira," anatero. "Jolán sanavomerezane nane kambirimbiri chonchi ali moyo." Anayesa kuseka.

"Munafunsanso chiyani?" ndinatero. "Ndione kabukuko."

"Ayi."

"Ngati mayankhowo ndi anga, ndiyenera kuwaona."

"Mayi Etelka, muli mafunso amene mwamuna amafunsa mkazi wake yekha. Sindikanakufunsani inu. Ndipo inu simukanandiyankha." Anaika kabuku m'thumba la mkati la jekete. Kenaka anandiyang'ana mwa mtundu wina, mmene sanandiyang'anepo zaka zonsezo. Nkhope yanga inatentha m'chipinda chozizira chija. Ndinamva ngati munthu amene wauzidwa kuti amalankhula kutulo, koma osauzidwa zimene amanena.

Anaimirira, naika katochi pa tebulo.

"Ndinaika mkazi wanga m'manda pafupifupi zaka zisanu zapitazo," anatero ali pachitseko, "koma lero ndi pamene wapita. Simunachite bwino."

"Ndikudziwa."

"Mawa tiyeze magazi anu ndi maselowa. Kenaka tilembe makalata."

Kuyeza kunatsimikiza zimene ndinanena. A Tivadar atamva nkhani ya katochi ndi ya mapepala anagwira dazi lawo ndi manja onse.

"Mmodzi akucheza ndi mbale, wina akusintha mayina a akufa. Ine ndimayesa wamisala muno ndine!"

Koma za kabuku sitinawauze.

Akuluakulu anandiitana, anandidzudzula, anandipatsa kalata ya chenjezo. Sanandichotse ntchito, chifukwa a Gedeon anawauza kuti zotsatira za kafukufuku sizisintha, khungu la munthu wathanzi ndi khungu basi. Iwo anapuma pa ntchito kumapeto kwa Ogasiti, nasamukira kwa mwana wawo wamkazi ku Eger. Tsiku lotsanzikana anagwira chanza aliyense. Atafika pa ine anagwira dzanja langa nthawi yaitali kuposa ena. Kabuku kaja sindinakaonenso.

Labotale inatsala m'manja mwa a Tivadar, ndipo anandifunsa chimene ndikufuna kuti tichite ndi maselowo.

"Ndi anu," anatero. "Kunena zoona, ndinu amene."

Ndinati tiwataye. Lachinayi, pa 12 Sepitembala, itangokwana 3 koloko masana, ndinatulutsa timabotolo tonse mu thanki ndi timbale tonse m'bokosi lofunda. Sindinawayang'ane pa maikulosikopu. Ndinayatsa nyale yoyera m'chipinda chija, koyamba pa zaka zambiri, ndipo ndinaona kuti makoma ake ndi obiriwira, ndi fumbi m'makona. Ndinathira kulorini m'kambale kalikonse. Madzi ofiirira aja anayera mbee. Ndinaimirira kudikira kuti mwina ndimva kanthu m'thupi, kubaya kapena chizungulire. Sindinamve chilichonse. Ndinatsuka m'manja, ndinakwera, ndinamwa khofi.

Panatsala makalata. Zaka za m'mbuyomo tinali titatumiza maselowa ku malabotale atatu akunja, ndipo tinayenera kuwauza kuti dzina la mwini khungu linalakwika. Awiri anangoyankha kuti zikomo, tasintha. Wachitatu anali mayi wina wa ku Porto, Dokotala Benedita Sarmento. Kalata yake a Tivadar anaisindikiza ndi kundibweretsera okha, ndipo tsiku limenelo analibe nthabwala.

Mayiyo anathokoza, kenaka anati ali ndi funso. Mwezi wathawo anali ndi timbale tisanu ndi kamodzi ta maselowa, tonse mumdima, m'makina awiri osiyana, m'zipinda ziwiri. Tsiku lina timbale tonse tinazima nthawi imodzi, selo lililonse, popanda kuwala kulikonse. Maso sanabwerere patapita mphindi khumi ndi zisanu monga mwa nthawi zonse. Anakhala chitsekere ola lathunthu ndi theka, kenaka anatseguka, ndipo maselo anapitiriza kukula bwinobwino. Anafufuza makina, sanapeze vuto. Ankafuna kudziwa ngati ifenso tinaonapo zotere. Analemba tsiku: Lachinayi, 12 Sepitembala, mphindi zochepa itadutsa 2 koloko masana.

"Ife tinathira kulorini 3 koloko," ndinatero. "Sizikugwirizana."

A Tivadar anakanda dazi.

"Ku Portugal ali m'mbuyo ndi ola limodzi, mayi Etelka."

Tinayang'anizana. Kunja kwa zenera tramu, sitima ya m'misewu ya m'tauni, inadutsa ikulira belu.

"Mwina magetsi anagwedezeka kwawoko," anatero. "Mwina kutentha kwa bokosi kunatsika. Zimachitika."

"Zimachitika," ndinavomera.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinamulembera mayiyo ndekha. Ndinamuuza kuti khungulo ndi langa, ndipo ndinamupempha mwaulemu kuti awataye onse. Anayankha patapita masiku atatu, kalata yokoma mtima. Anati akumvetsa, ndipo ake awataya ndikalimbikira. Koma anati ndidziwe kuti maselowa ndi abwino kwambiri moti anagawirako anzake ku Turku, ku Lyon ndi ku Kyoto, ndipo a ku Lyon anagawiranso ena. Anandipatsa maadiresi amene anali nawo.

Ndinalemba makalata miyezi itatu. Ena anayankha kuti ataya. Ena anati ali pakati pa ntchito, adzataya akamaliza. Ena sanayankhe konse. Aliyense woyankha ankatchula labotale ina imene anaipatsako. Nditafika pa malabotale khumi ndi anayi ndinaleka.

A Gedeon anamwalira chaka chatha m'nyengo yozizira. Mwana wawo ananditumizira uthenga, ndipo ndinakwera sitima kupita ku Eger. Titachoka kumanda anandikokera pambali nandiuza kuti bambo ake anasiya mawu akuti kabuku kena ka chikuto chakuda akaike m'bokosi mwawo, ndipo ngati mayi Etelka afunsa, awauze kuti asade nkhawa, palibe wina anawerenga.

"Munali chiyani m'kabukumo, azakhali?" anandifunsa.

Ndinamuuza zoona, kuti sindikudziwa. Anandiperekeza ku siteshoni, nandigulira tiyi wa mandimu podikira sitima ya 4 koloko.